PHUNZIRO: MKRISTU NDI MLENDO WA CHILANKHULO CHINA

M'maiko ambiri anthu aopa kuti alendo akachuluka, chilankhulo ndi miyambo ya eni dziko zidzafa. Ku United States ena anena zotere za anthu olankhula Chisipanishi ochokera ku Mexico, monga zinanenedwa kale za Akatolika ochokera ku Ireland ndi ku Italy. Mantha omwewa amveka m'chigwa cha Shire pamene anthu a ku Mozambique aoloka malire. Nanga Mkristu wa ku Makhanga aganize bwanji?

1. Mbiri ya chigwa

Eni chigwa akale ndiwo Amang'anja, osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Asena ambiri anafika pambuyo kuchokera ku Zambezi, pothawa njala, thangata la Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya 1917. Mafumu a Chimang'anja anawapatsa minda. Miyambo yao inali yosiyana: kwa Amang'anja mwamuna ankalowa chikamwini, ana nakhala a kwa mai, kwa Asena mwamuna ankalowola, ana nakhala a kwa bambo. Komabe mitundu iwiriyi inakwatirana, ndipo kachisi wa ku Khulubvi alipobe.

Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira 1986, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, kotero kuti m'boma la Nsanje othawa anachuluka kuposa eni ake. Nkhuni zinasowa, mitengo inatha. Koma mtendere utapanganidwa ku Roma pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kwao, chigwa osataya dzina lake. M'December 2024 ena anaolokanso, pothawa zipolowe za chisankho.

2. Chiphunzitso cha Eklezia

Pa Pentekoste Mzimu Woyera sanasandutse anthu onse kuti akhale a chilankhulo chimodzi, koma yense anamva Atumwi m'chilankhulo cha kwao. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu Atumwi anagamula kuti anthu a mitundu ina asasenzetsedwe miyambo yonse ya Ayuda kuti abatizidwe. Ambuye Yezu mwini anakhala mlendo ku Ejipito ali khanda. Chifukwa chake umodzi wa Eklezia ndi wa ubatizo, si wa fuko ai.

3. Kusiyanitsa mantha

Kuchepa kwa minda, nkhuni ndi mankhwala ndi vuto loona. Liyenera kukambidwa poyera pa bwalo la mfumu ndi kwa a boma, pakuti mwini mudzi wosauka alinso ndi ufulu wake. Mlendo nayenso ayenera kulemekeza mfumu ndi malamulo a dziko limene lamlandira.

Koma mantha akuti mlendo adzapha chilankhulo alibe maziko. Chilankhulo chifa pamene eni ake achita nacho manyazi, naleka kuchilankhula kwa ana ao. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma Chisena chilankhulidwabe m'chigwa, pakuti amai sanaleke kulera nacho ana.

Tsono Akristu a ku Makhanga akumbuke madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023, pamene iwo omwe anagona m'misasa ndi m'midzi ya eni. Akulu anati: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

4. Zochita

Mphunzitsi alembe maina a Akristu ofika kumene, afunse za masakramenti ao, nawaonetse kwa Bambo Mfumu. Osamva Chichewa bwino awafotokozere katekisimu m'Chisena. Mkristu asalipire mlendo ganyu wochepa chifukwa choti alibe kodandaulira, pakuti kutero ndi kuba.

Mafunso

(a) Kodi makolo a m'mudzi muno anachokera kuti, ndipo anawalandira ndani?
(b) Kodi Pentekoste iphunzitsa chiani za zilankhulo?
(c) Ndi mlendo uti amene sanayenderedwe mwezi uno?