Mlongo Akamadzandira Pamene Akulandira Mankhwala a Khansa

Kuwerenga: Levitiko 19:14, Mlaliki 4:9-10

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira azimayi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse. Alongo athu a kuno ku Chongwe akapezeka nayo amatumizidwa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Ena akabwerako amadzandira poyenda, ndipo tikawaitana sayankha msanga. Pamenepo anthu amayamba kunong'ona kuti mayi uja wayamba mowa, walodzedwa, kapena wayamba kunyada. Tisanaweruze, tiyeni tidziwe gwero lake.

Mkati mwenimweni mwa khutu muli mbali ziwiri. Ina ndi yomvera, yooneka ngati chigoba cha nkhono. Ina ili ndi timachubu titatu tokhota todzaza madzi, timene timauza ubongo ngati mutu wapendekeka kapena watembenuka. Mbali zonsezi zili ndi timaselo tonga titsitsi, ndipo tikafa sitimeranso.

Mankhwala otchedwa cisplatin, amene amaperekedwa m'diripi kwa ambiri odwala khansa imeneyi, amatha kuwononga timaselo timeneti. Wodwala amamva kulira m'khutu, mawu ang'onoang'ono amayamba kumuphonya, ndipo ena amamva chizungulire. Mankhwala omwewa amathanso kuchititsa dzanzi kumapazi. Kuti munthu ayende chilili pamafunika maso, khutu ndi mapazi. Ziwiri zikafooka, amadalira maso okha. N'chifukwa chake ngozi yakugwa imakula usiku, popita kuchimbudzi mumdima.

Nanga ife tichitenji?

Choyamba, mlimbikitseni kuuza dokotala msanga, asanalandire diripi yotsatira. Dokotala angathe kupima makutu, kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Asaleke yekha kupita kuchipatala, pakuti khansa sidikira. Akadwala matenda ena, auze a kukiliniki kuti akulandira mankhwala a khansa, popeza jakisoni wina, monga gentamicin, nayenso amavulaza khutu.

Chachiwiri, konzani pakhomo pake. Chotsani miyala, nkhuni ndi zingwe m'njira ya kuchimbudzi. Tochi ikhale pafupi ndi pogona. Asambe atakhala pampando. Podzuka ayambe wakhala tsonga pang'ono asanaimirire. Mtolo wa nkhuni ndi chidebe cha madzi pamutu zimulekere ena. Amwenso madzi okwanira, chifukwa kusanza ndi kuchepa kwa magazi kumawonjezera chizungulire.

Chachitatu, polankhula naye khalani patsogolo pake kuti aone milomo yanu. Lankhulani pang'onopang'ono, osakuwa. M'tchalitchi mpatseni malo kutsogolo. Pa ulendo wa ku Lusaka asakwere basi yekha.

Koma thupi likatentha, kapena chizungulire chikabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kupindika pakamwa, kufooka kwa mkono kapena kulephera kulankhula, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala.

Pokaona odwala timanyamula ufa, sopo ndi pemphero, ndipo n'zabwino. Tsopano tizinyamulanso khasu lolambulira njira ya kuchimbudzi.

Mafunso okambirana:
1. Kodi mumpingo mwathu muli mlongo amene tamuweruza molakwa chifukwa cha mayendedwe kapena kusamva kwake?
2. Ndani wa ife adzamuperekeza ulendo wotsatira, ndipo ndalama ya basi idzachokera kuti?