Sienta ya ngongole ya kwa Nthache

Kwa Nthache ndalama imabwera ndi manachesi. Nyengo yozizira ikafika, mavenda a ku Blantyre amadzagula matumbamatumba, ndipo munthu wa mitengo yambiri amagwira ndalama yoti n'kuyamba kulota zazikulu. Bambo wina wa kumeneko, atagulitsa ake mu 2023, anafuna Sienta yoti azinyamulira anthu kuchoka pa boma kupita kuchipata cha Mwanza, kumene okwera sasowa: ena akupita kukaoda katundu pa Zobue, ena angotsika basi ya ku Joni. Ndalama inaperewera K4,000,000, ndiye anapita kukampani ina yobwereketsa ndalama.

Anafunsa funso limodzi lokha: "Pamwezi ndizipereka zingati?" Anamuuza kuti ndi K366,667 kwa miyezi 24, chiwongoladzanja chake 5 peresenti pamwezi. Anawerengera maulendo a tsiku limodzi, naona kuti zitheka, ndipo anasaina.

Pa pepalapo panali mawu awiri a Chingerezi amene anangowadumpha: flat rate. Tanthauzo lake n'lakuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, ngakhale mutabweza kale theka. Kwa iye zinali K200,000 mwezi uliwonse, woyamba mpaka womaliza. Pa miyezi 24 imeneyo ndi K4,800,000, kuposa ngongole yeniyeniyo, ndipo zonse pamodzi anayenera kubweza K8,800,000. Njira inayo imatchedwa reducing balance: chiwongoladzanja chimawerengedwa pa zimene zatsala basi. Akanamabweza gawo lofanana la ngongoleyo mwezi ndi mwezi pa 5 peresenti yomweyo, chiwongoladzanja chonse chikanakhala K2,500,000. Peresenti ndi yomweyo, miyezi ndi yomweyo, koma kusiyana kwake ndi K2,300,000. Obwereketsa ambiri sanama ayi. Amangoyankha zimene mwafunsa, zotsalazo amazisiya pa pepala.

Tsiku lolandira ndalama m'akaunti munalowa K3,880,000. K120,000 inapita ku processing fee, ndalama yolipirira kuti akukonzereni ngongole, koma chiwongoladzanja chinkawerengedwabe pa K4,000,000 yathunthu. Anamuuzanso kuti galimoto ikhale pa inshuwaransi ya comprehensive, osati ya third party yotchipa imene oyendetsa matakisi ambiri amadula. Blue book inatsala kuofesi komweko ngati chikole. Pankafunikanso munthu womuikira kumbuyo, ndiye anapita kwa mlamu wake, mphunzitsi wa ku pulayimale.

"Alamu, mungosaina apa ngati mboni, palibe chovuta."

"Ngati ndi umboni chabe, bweretsani cholembera, alamu."

Sunali umboni chabe. Amene wasaina ngati guarantor amakhala walonjeza kuti mwini ngongole akalephera, abweza ndi iyeyo. Anthu ambiri a pa malipiro a boma alowa m'mavuto chifukwa cha manyazi okana wachibale pa siginecha imodzi yotereyi.

Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Mafuta anakwera, matayala ndi zipangizo zina za galimoto zinakwera, koma okwera sanali okonzeka kulipira kawiri mtengo wakale pa ulendo womwe uja. Amene anakongola kumabanki akuluakulu anamva kuwawa kwa mtundu wina, chifukwa ngongole zambiri kumeneko zimatsatira reference rate, imene imasintha. Reserve Bank itakweza policy rate kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, zobweza pamwezi zinakwera popanda kusainanso pepala lina. Bambo wathuyu zake sizinasinthe, koma zotsala m'thumba zinachepa, ndipo manachesi anali adakali kutali. Ngongole sidziwa kuti kuli nyengo yokolola.

Giyabokosi itafa, galimoto inakhala pamiyala milungu ingapo. Anaphonya mwezi umodzi, chilango cha kuchedwa chinawonjezedwa pamwamba. Kuti atseke dzenje limenelo anapita kwa wakatapila wa pamsika, amene anamupatsa K300,000 kuti abweze K450,000 pakutha pa mwezi, n'kumulanda khadi la ATM. Apa ndi pamene zinathera, ngakhale galimoto inayendabe miyezi ina iwiri.

A kukampani ija atabwera kudzaitenga, iye ankaganiza kuti nkhani yatha, poti chikole chapita. Galimoto yogwidwa imagulitsidwa mwachangu, nthawi zambiri pa mtengo wotsika, ndipo pa ndalamayo amachotsapo zolipira oilanda, oisunga ndi oigulitsa. Zikapanda kukwana, zotsalazo zikadali ngongole yanu. Kalata yotsatira inapita kwa mlamu uja kusukulu. Komanso chifukwa cha lamulo la Credit Reference Bureau limene linakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya wolephera kubweza imatha kuonedwa ndi obwereketsa ena, moti ngakhale ngongole yaing'ono ya feteleza ikhoza kukanika.

Inu amene mukuganiza za Sienta, kapena njinga yamoto ya kabaza, musanasaine muuzeni wa kuofesiyo akulembereni pa pepala ndalama yonse imene mudzabweze kufikira tsiku lomaliza, imene ilowe m'manja mwanu akachotsa zochotsa, ndiponso ngati chiwongoladzanjacho ndi flat kapena reducing. Pepalalo pitani nalo kunyumba, ndipo amene mukufuna kuti akuikireni kumbuyo aliwerenge yekha.