Phunziro 18: Oimba a ku Chileka

Ana inu, cherani khutu. Pa msika wa Mandimba pali wailesi. Wailesi ikuimba nyimbo. Ng'oma ikulira pang'onopang'ono. Gitala wamkulu akulira pansipansi, du, du, du. Nyimbo yotere ndi rege. Rege inayambira ku Jamaica, cilumba ca kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Koma tamvani bwino. Mau ace ndi a Cinyanja! Akuimbawo ndani?

Akuimbawo ndi a Black Missionaries. Anthu amawachula kuti Ma Blacks. Kwao ndi ku mudzi wa Singano, ku Chileka, pafupi ndi Blantyre m'dziko la Malawi. Ukacoka ku Mandimba umaoloka malire pa Chiponde. Umapita ku Mangochi, ku Liwonde, ku Zomba, kenaka ku Blantyre. Ku Chileka ndi kumene kumatera ndege.

Ku Chileka kunali bambo wina woimba. Dzina lao linali a Robert Fumulani. Ana ao anakula akumva magitala pakhomo. Atatu mwa anawo ndi Musamude, Anjiru ndi Chizondi. Iwo anali ndi mbale wao, a Evison Matafale. A Matafale anali ndi mau okoma, ndipo anali kupeka okha nyimbo. Anali kuimba za Mulungu, za amphawi ndi za cilungamo.

A Matafale anajambula nyimbo zao pa kaseti. Kasetiyo anaicha Kuimba 1. Pofika caka ca 2000 dziko lonse la Malawi linali litawadziwa. Kenaka anasonkhanitsa abale ao ndi anzao, nayamba gulu la Black Missionaries. Mu 2001 anatulutsa Kuimba 2.

Caka comweco kunagwa zovuta. A Matafale analemba kalata yodzudzula atsogoleri a dziko. Apolisi anawagwira. Iwo anali akudwala. Pa 27 Novembala 2001 anamwalira ku Lilongwe, ali m'manja mwa apolisi. Anthu analira kwambiri. Ambiri anakwiya. Ku Singano kunali maliro akulu.

Nanga gulu lija? Mtsogoleri wapita. Kodi magitala aikidwe pansi? Abale aja sanaike pansi. Musamude anaima patsogolo, nayamba kutsogolera nyimbo. Nyimbo zatsopano zitakwana, sanafune dzina lina. Anangopitiriza kuwerenga pamene mbale wao analekera: Kuimba 3. Kenaka Kuimba 4, Kuimba 5, Kuimba 6.

Mu 2007 Musamude nayenso anamwalira. Maliro aciwiri! Apa mng'ono wace Anjiru anaima patsogolo. Chizondi anali pa kiyibodi, akuimbanso. Anawerengabe: Kuimba 7, Kuimba 8, Kuimba 9, Kuimba 10. Zala za m'manja zinatha, koma iwo anapitirira.

Mwezi wa Novembala anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira a Matafale ndi abale ao. Amaimba ndi kuvina mpaka madzulo. Ife a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba timamva nyimbozi popanda womasulira. Malire alipo, koma ciyankhulo ndi cimodzi. Kale makolo anu anali kuzimva pa kaseti. Lero zili m'foni. Kaseti ikatafunidwa ndi wailesi, anali kuikulunga ndi colembera. Inu simunaone zimenezo!

Tiwerenge pamodzi

Kuimba. Ku-i-mba.
Nyimbo. Nyi-mbo.
Ng'oma. Ng'o-ma.
Mbale. Mba-le.

Werengani Kuimba 1 mpaka Kuimba 10 ndi zala zanu. Tsopano werengani m'Cipwitikizi: um, dois, três, quatro, cinco. Ndani angafike pa dez?

Mafunso

1. Kodi rege inayambira kuti?
2. Chulani maina a ana atatu a bambo Fumulani.
3. A Matafale anatulutsa makaseti angati asanamwalire?
4. Musamude atamwalira, anaima patsogolo ndani?

Nchito ya kunyumba

Funsani amayi, abambo kapena amalume ngati anamvapo Ma Blacks. Anawamva kuti? Pa wailesi, pa msika, kapena pa ukwati? Makolo, ngati kaseti yakale ikadali m'nyumba, muonetseni mwana. Mulole aigwire. Mawa abwere nayo kusukulu kuti anzace aione.