Kaundula wa kachewere m'foni: kupanga fomu ya kalabu pa KoboToolbox

Ku Tsangano, nyengo yokumba kachewere ikafika, mlembi wa kalabu ya alimi sapuma. Matumba akufika pa ngolo, ena pa njinga yamoto, lole ya ogula ikulira kunja, kope lolembamo lada kale ndi dothi. Phokoso limabuka tsiku logawana ndalama: mlimi akuti anapereka matumba 8, kope likuti 7.

Kaundula ameneyu mungathe kumusamutsira pa KoboToolbox, chida chimene Phuong Pham ndi Patrick Vinck anayambitsa mu 2005. Fomu yanu ndi mayankho ake zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu a eni chidachi, kutali ndi Ntcheu, ndipo mumazipeza kudzera pa intaneti. Achipatala akuidziwa kale njirayi, poti malipoti awo amapita ku Unduna wa Zaumoyo kudzera pa DHIS2.

Musathamangire kompyuta. Yambani ndi pepala, mutakhala pansi ndi wapampando ndi msungichuma. Gwirizanani zofunika kulemba: dzina la mlimi, mudzi, tsiku, mtundu wa kachewere, kaya Violet kaya Rosita, matumba angati ndi mtengo wa thumba. Gwirizananinso kuti olemba ndani, ovomereza ndani. Apa mpamene pagona ntchito yonse. Zotsalazo nzodinadina chabe.

Kenako tsegulani akaunti pogwiritsa ntchito imelo ya kalabu, osati ya munthu mmodzi. Dinani New ndi kuyamba kuika mafunso, m'Chichewa momwemo. Funso lililonse muliuze mtundu wa yankho lake. Matumba akhale nambala. Maina a alimi ndi midzi akhale mndandanda wosankhapo, chifukwa mukasiya mpata wolemba, wina alemba Tsangano, wina Sangano, ndipo kompyuta iwerenga ngati midzi iwiri. Ikani malire kuti fomu ikane nambala yosamveka, monga matumba 700 pamene chala chimafuna 70. Funso lakuti "Adulidwe zingati?" lizituluka pokhapokha mlembi atayankha kuti mlimiyo ali ndi ngongole ya feteleza. Masamu ochulukitsa matumba ndi mtengo asiyireni fomuyo. Mukamaliza, dinani Deploy.

Tsopano foni. Pamafunika ya Android, yokhala ndi KoboCollect yochokera pa Play Store. Lowetsani dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi, ndipo koperani fomuyo muli pamalo ogwira netiweki. Ikalowa m'foni, imagwira ntchito ngakhale kudimba kopanda netiweki kapena bandulo itatha. Koma chenjerani: zimene mwalemba zimakhala m'foni momwemo mpaka mutazitumiza. Foni ikagwera m'chithaphwi kapena kusowa pa tsiku la msika ku Lizulu, kaundula wa sabata yonse wapita nayo. Muzitumiza madzulo aliwonse, ngakhale zitafuna kukwera pachulu.

Gawo limene makalabu ambiri angalinyalanyaze ndi la zilolezo. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. Mlembi mumpatse chilolezo chongotumiza, osati chokonza kapena kufufuta. Msungichuma akhale woona zotumizidwazo, kuzifananitsa ndi ndalama zimene walandira, ndi kuika chizindikiro pa mzere uliwonse: Approved ngati zagwirizana, On Hold ngati pali funso, Not Approved ngati zalakwika. Wapampando angoona basi. Ndalama zituluke pa mizere yovomerezedwa yokha. Ine ndimaona kuti kubwerekana mawu achinsinsi, ngakhale pa chibale, nkubweza mkangano uja kudzera khomo lakumbuyo.

Mwezi ukatha, tsitsani zonse mu Excel, kasindikizeni ku Ntcheu pa boma, mudzapachike pamalo okumanirana kuti agogo osagwira foni adzionere mzere wawo. Musanapachike, chotsani manambala a foni ndi ngongole za anthu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, likufuna kuti mwini dzina adziwe chifukwa chimene mukumulembera.

Masabata awiri oyamba musataye kope. Lembani konsekonse, m'kope ndi m'foni, muone pamene zasiyana. Mukasintha funso lililonse, dinani Redeploy ndi kuuza mlembi akoperenso fomuyo, apo ayi apitiriza kulemba pa yakale.