KODI MAKOLO ATHU ANAPHUNZITSIDWA NDI ALENDO A KU NYENYEZI?

Tsopano mumatha kuwerenga. Mukafika pa msika wa Chintheche, pa Kande kapena pa Mpamba, mumawerenga nokha zikwangwani, makalata ndi timabuku. Ana anu amakuonetsaninso zolembedwa pa foni. Izi n'zokondweretsa ndithu. Koma wowerenga aliyense ayenera kuphunziranso luso lina. Luso lake ndi lodziwa kusiyanitsa nthano ndi nkhani yoona. Tiyeni tiphunzire luso limeneli poona timabuku takale ta makatuni.

TIMABUKU TA MAKATUNI

Kabuku ka makatuni kamasimba nkhani ndi zithunzi zojambula pamanja. Tsamba lililonse limagawidwa m'timabokosi. Mawu amene munthu akuyankhula amalembedwa pafupi ndi pakamwa pake. Timabuku totere n'tabwino kwa munthu amene wangodziwa kumene kuwerenga, chifukwa liwu likavuta chithunzi chimathandiza.

Ku America kunali katswiri wojambula makatuni dzina lake Jack Kirby. Iye anabadwa mu 1917 ndipo anamwalira mu 1994. M'chaka cha 1976 anayamba kutulutsa timabuku totchedwa The Eternals ku kampani ya Marvel. Nkhani yake inali yotere: kalekale kunabwera zimphona kuchokera ku nyenyezi. Zimphonazo zinagwira zolengedwa zonga anyani, n'kuzisintha. Pamenepo panatuluka mitundu itatu. Mtundu wina unali wa anthu osafa, wina wa zilombo zoopsa, ndipo wachitatu ndife anthu wamba. Nkhaniyi anaipanganso kanema mu 2021.

Mu 1978 Kirby yemweyo anatulutsa timabuku tina totchedwa Devil Dinosaur. M'menemo muli kamnyamata kaubweya thupi lonse, ka nthawi yamakedzana. Bwenzi lake ndi chinyama chachikulu chofiira, cha mtundu wa dinosaur. Awiriwa amayenda limodzi ndipo nthawi ina amalimbana ndi alendo ochokera mumlengalenga.

MAGANIZO AMENEWA ANACHOKERA KUTI?

Mu 1968 munthu wina wa ku Switzerland, Erich von Däniken, analemba buku limene pa Chingerezi limatchedwa Chariots of the Gods. Iye ankati anthu akale analibe nzeru zomangira zinthu zikuluzikulu. Ankati anathandizidwa ndi alendo ochokera ku nyenyezi. Bukuli linagulidwa kwambiri m'maiko ambiri, ndipo ojambula makatuni anatengerapo nkhani zawo.

Apa pali kusiyana kumene tiyenera kukuona. Kirby ankasimba nthano. Agogo akamati Kalulu anamanga Njovu ndi chingwe, palibe amene amapita kuthengo kukafuna chingwecho. Tonse timadziwa kuti ndi nthano, ndipo timasangalala nayo. Koma von Däniken ankati zimene analembazo zinachitikadi. Masiku ano maganizo akewo akuyendabe pa mafoni ndi m'makanema. Ena akaona amati, "Zalembedwa, ndiye kuti n'zoona."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni ife tifunse. Kodi umboni wake uli kuti?

ANAMANGA MAPIRAMIDI NDANI?

Ku Egypt kuli manda a mafumu otchedwa mapiramidi. Piramidi yaikulu ya ku Giza inamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, pa nthawi ya mfumu Khufu. Itangomangidwa inali yaitali mamita 146. Muli miyala yoposa 2 miliyoni. Anthu ena akaiona amati munthu sangathe kumanga chinthu chotere.

Koma ofufuza zakale anakumba pafupi ndi mapiramidiwo. Anapeza mudzi umene amisiri ankagona. Anapeza malo ophikira buledi ndi mafupa a ng'ombe zimene ankadya. Mu 1990 anapezanso manda a amisiriwo. Ndipo mu 2013 anapeza zolembedwa za kapitawo wina dzina lake Merer. Kapitawoyu ankalemba ntchito ya tsiku ndi tsiku ya gulu lake. Iwo ankanyamula miyala pa ngalawa mu mtsinje wa Nile, kuchoka ku Tura kupita ku Giza.

Inu a m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti katundu wolemera amapepuka pa madzi. Anthu a ku Egypt ankadziwanso zomwezo. Pa zonse zimene zakumbidwa kumeneko sipanapezeke kanthu ngakhale kamodzi kochokera ku nyenyezi.

BODZA LA KU ZIMBABWE

Anthu ambiri a kuno ku Nkhata Bay anagwirapo ntchito ku Zimbabwe. Dziko limenelo linatenga dzina lake kuchokera ku mzinda wakale wa miyala umene uli pafupi ndi Masvingo. Mzindawo umatchedwa Great Zimbabwe. Unamangidwa pakati pa zaka za 1100 ndi 1450. Makoma ake ena ndi aatali mamita 11, ndipo miyala yake anaisanja popanda dothi kapena simenti.

Azungu oyamba kuuona anati munthu wakuda sangamange chotere. Ena anati anamanga ndi anthu a ku Phoenicia. Ena anati ndi mfumu yaikazi ya ku Sheba. Koma mu 1905 katswiri wina, David Randall-MacIver, anakumba pamalopo. Mu 1929 mayi wina katswiri, Gertrude Caton-Thompson, anakumbanso. Onse awiri anapeza mapale ndi zipangizo za anthu a mu Africa. Anatsimikiza kuti omanga mzindawo anali eni dziko.

Ngakhale zinali choncho, boma la atsamunda la Rhodesia silinkafuna kuti zimenezi zidziwike. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Munthu ukamuuza kuti makolo ake sanapange kanthu, amadziona wachabe, ndipo savuta kumulanda dziko.

Nkhani ya alendo a ku nyenyezi ikufanana ndi imeneyi. Imatenga ntchito ya manja a anthu n'kuipereka kwa mlendo. N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ifenso.

UMBONI WA PA NYANJA YATHU

Mbiri yeniyeni ya anthu amakedzana sili kutali. Ili m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi. Mukachoka ku Chintheche, n'kudzera ku Mzuzu, n'kutsikira ku Chiweta, mufika ku Chilumba m'boma la Karonga. Pafupi ndi pamenepo pali malo otchedwa Uraha.

Mu 1991 gulu la ofufuza, Amalaŵi ndi alendo, linapeza nsagwada yosanduka mwala pa Uraha. Gululi linkatsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage. Nsagwadayo ili ndi mano ake. Akatswiri amati mwini wake anali wa mtundu wa anthu oyambirira wotchedwa Homo rudolfensis. Iye anakhalako zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Kumbukirani kuti miliyoni imodzi ndi 1,000 kuchulukitsa ka 1,000.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga zakazo anaziwerenga bwanji?" Mwafunsa bwino. M'dothi lomwelo munali mafupa ndi mano a nyama zakale, monga nguluwe za mitundu imene inatha. Ofufuza anayerekeza manowo ndi ena a ku Kenya ndi ku Ethiopia, amene zaka zake zinayezedwa kale. Ntchito yotere imatenga nthawi yaitali. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Karonga komweko kunapezekanso mafupa a dinosaur. Chinyamachi anachitcha Malawisaurus mu 1993, potengera dzina la dziko lathu. Chinali chachitali mamita oposa 10, ndipo chinkadya masamba. Chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Zinyama zikuluzikulu za mtundu umenewu zinatha zonse zaka 66 miliyoni zapitazo. Tsono onani: munthu wa pa Uraha ndi wa zaka 2.4 miliyoni zokha. Ndiye kuti munthu ndi dinosaur sanaonanepo. Kamnyamata ka m'kabuku ka Kirby ndi bwenzi lake lofiira lija ndi nthano basi. Mukafika ku Karonga mutha kukaona chifanizo cha mafupa a Malawisaurus m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inatsegulidwa mu 2004.

Kulinso umboni wa anthu onga ife. Pa phiri la Hora ku Mzimba, katswiri Desmond Clark anafukula mafupa a anthu mu 1950. Atayezedwa, anapezeka kuti ndi a zaka zoposa 8,000. Anthu amenewa ankasaka nyama ndi kutola zipatso. Ankasema timiyala takuthwa tochekera ndi toika ku mivi.

Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 amene ali ndi zithunzi zojambula pa matanthwe. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mlendo akaona chithunzi chachilendo pa thanthwe angaganize kuti ndi cholengedwa cha ku nyenyezi. Koma akafunsa akuluakulu a kumeneko, amva zina.

Zaka zoposa 1,500 zapitazo m'dziko muno munali kale alimi odziwa kusungunula chitsulo m'ng'anjo. Iwo ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo.

Taonani mmene zinthuzi zikutsatirana. Poyamba miyala yosema, kenaka uta ndi mivi, pambuyo pake mbiya, makasu ndi ng'anjo. Nzeru zinkakula pang'onopang'ono. Mwana ankaphunzira kwa kholo lake, n'kuwonjezerapo zake.

Inunso mumaona zimenezi pa gombe. Mmisiri wa bwato amadziwa mtengo woyenera. Amadziwa posema kwambiri ndi posiya pochindikala, kuti bwato lisapendekeke pa mwera. Mukamufunsa amene anamuphunzitsa, atchula bambo ake, malume ake kapena mmisiri wina wa pamudzi. Ndi mmene zakhala zikuyendera kuyambira kale.

TIZIWERENGA BWANJI TSONO?

Timabuku ta makatuni musataye. Werengani pamodzi ndi ana anu, museke, muphunzirepo mawu atsopano. Koma mukamva nkhani yodabwitsa imene akuti ndi yoona, funsani mafunso atatu awa:

1. Walemba ndani, ndipo akufuna kutisangalatsa, kutiphunzitsa kapena kutigulitsa malonda?
2. Umboni wake uli kuti, ndipo munthu angathe kukauona?
3. Kodi ena amene anafufuza nkhaniyi akuvomereza?

Mafunso omwewa adzakuthandizani mukalandira uthenga wa pa foni wonena za mankhwala ochiza matenda onse, kapena za ndalama zimene akuti mwapambana.

Komanso mukamalima kapena kukumba maziko a nyumba, mwina mupeza mapale, mikanda, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa akale. Musaziphwanye ndipo musazigulitse. Zisiyeni pomwepo. Kauzeni a mfumu kuti adziwitse a boma oyang'anira zinthu zakale. Lamulo la dziko lino limateteza zinthu zimenezi, chifukwa ndizo zimatiuza mbiri ya makolo athu.

MAFUNSO

1. Kodi The Eternals ndi nthano kapena nkhani yoona? Mwadziwa bwanji?
2. Kodi kapitawo Merer ankanyamula chiyani pa ngalawa?
3. N'chifukwa chiyani atsamunda ankakana kuti anthu akuda anamanga Great Zimbabwe?
4. Kodi pa Uraha panapezeka chiyani? Chinali chaka chanji?
5. Kuyambira 1991 kufika chaka chino papita zaka zingati?

ZOTI MUCHITE

Pitani kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu amene amasema mabwato, kuluka maukonde kapena kuumba mbiya. Mufunseni amene anamuphunzitsa, ndi amene anaphunzitsa mphunzitsi wakeyo. Lembani mainawo m'kope mwanu. Mukadzakumana pa kalasi, aliyense adzawerengere anzake zimene walemba.