PHUNZIRO LA ZAUMOYO: NG'ALA YA M'MASO NDI MBALI YATHU IFE AMAYI

Mau oyamba

Amayi anzathu, m'midzi yathu yozungulira Njuli tonse tikudziwapo agogo amene anasiya kupita kumunda, kumsika ngakhale kumaliro chifukwa maso anachita khungu. Timawapeza ali pakhonde tsiku lonse. Akafuna kupita kuseri, mdzukulu ndiye amawagwirira ndodo, ndipo kawirikawiri mdzukuluyo amakhala mtsikana amene nthawi imeneyo anayenera kukhala m'kalasi. Tikafunsa, eni khomo amatiyankha kuti, "Ndi ukalamba, nanga titani?"

M'phunziro lino tiona kuti khungu la agogo ambiri otere limayamba ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Tionanso kuti kuchira kwa diso sikudalira dokotala yekha. Kumadaliranso ife amene timaperekeza wodwala, kumudonthezera mankhwala ndi kumubwezera kuchipatala pa tsiku limene anauzidwa.

1. Kodi ng'ala ndi chiyani?

M'kati mwa diso, kuseri kwa kamwana ka diso, muli kagalasi kakang'ono koonekera ngati madzi oyera. Kuwala kumadutsa m'kagalasi kameneka kuti tione. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuchita mbuu. Poyamba amaona ngati kunja kuli nkhungu, dzuwa limamuthobwa m'maso, ndipo kulowetsa ulusi pa singano kumavuta. Pakapita miyezi kapena zaka, kamwana ka diso kamene kanali kakuda kamaoneka koyera, ndipo munthu amangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Imeneyi ndiyo ng'ala.

Ng'ala ya ukalamba sipweteka, sipatsirana, ndipo sibwera chifukwa cholodzedwa. Imafulumira mwa odwala matenda a shuga, osuta fodya, ndi amene anavulalapo m'diso. Kuno kwathu kumene ambiri amapeza ndalama poswa miyala, tiyenera kudziwa kuti kachidutswa ka mwala kakalasa diso kangayambitse ng'ala ngakhale mwa wachinyamata. Palinso ana amene amabadwa nayo.

Palibe mankhwala akumwa, odontheza kapena azitsamba amene amasungunula ng'ala. Njira yake ndi imodzi yokha, opareshoni.

2. Zimene kafukufuku anapeza

Mu 2011, Dr Khumbo Kalua ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita m'maboma 7 a chigawo chino cha kummwera. Anayenda khomo ndi khomo ndi kuyeza maso a anthu 3,430 a zaka 50 kupita m'tsogolo. Anapeza kuti anthu pafupifupi 3 mwa 100 alionse anali akhungu, kutanthauza kuti sankatha kuwerenga zala za munthu woima pa mtunda wa mamita 3. Pafupifupi theka la akhunguwa vuto lawo linali ng'ala. Anapezanso kuti mwa anthu amene ng'ala inawachititsa khungu, amene anafikiridwa ndi opareshoni sanakwane ndi theka lomwe.

Tikamva chiwerengero chotere tizikumbukira kuti akunena za azakhali athu, apongozi athu ndi amayi otibala. Ofufuza a m'maiko osiyanasiyana anaonetsanso kuti akazi akhungu ndi ochuluka kuposa amuna. Chifukwa china n'chakuti akazi amakhala ndi moyo nthawi yaitali. Koma chifukwa china ndi cha m'nyumba mwathu momwe. Bambo akadwala maso, ndalama ya minibasi imapezeka. Mayi wamasiye akadwala, amauzidwa kuti adikire tikolole kaye, ndipo iye mwini safuna kuvutitsa ana.

Kafukufuku wina, wa Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo, amene anatuluka mu 1994, anaona odwala zilonda za m'maso m'zipatala za maboma a kummwera kuno. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atathira kale mankhwala achikuda m'diso asanafike kuchipatala. Madzi a masamba ndi mizu angathe kutentha diso kapena kulowetsamo tizilombo, ndipo chipsera chimene chimatsala sichichoka ndi opareshoni ya ng'ala.

3. Chimene chimachitika pa opareshoni

Mantha aakulu amene timamva m'midzi ndi akuti madokotala amakolowola diso, kuliika m'mbale, kenaka n'kulibwezera. Ena amati amaikamo diso la mbuzi. Zonsezi si zoona. Diso silichoka m'malo mwake.

Wodwala wamkulu sagonekedwa tulo. Amapatsidwa mankhwala ochititsa dzanzi pa diso lokhalo, ndipo amamva zonse zimene anthu akulankhula. Dokotala amacheka pang'ono m'mbali mwa diso, n'kutulutsa kagalasi kowonongeka kaja, n'kuikamo kena kapulasitiki koonekera bwino kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Ntchito yonse kawirikawiri sipitirira theka la ola. Diso limamangidwa usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake akamasula, ambiri amayamba kuona. Ngati maso onse ali ndi ng'ala, amayamba ndi limodzi, linalo tsiku lina.

Kagalasi kapulasitiki kameneka anayamba kukagwiritsa ntchito ndi dokotala wa ku London, Harold Ridley, mu 1949, koma kanachedwa kufika kuno. Ena a ife tikukumbukira agogo akale amene atachotsedwa ng'ala ankavala mandala ochindikala kwambiri. Mandalawo akasweka kapena kutayika, khungu linkabwerera. Lero sizili choncho.

Ife a ku Njuli tili ndi mwayi chifukwa tili pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Tingayambire kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo akaona kuti ndi ng'ala amatitumiza koyenera. Ku Blantyre, pa chipatala cha Gulupu, pali chipatala cha maso cha Lions Sight First.

4. N'chifukwa chiyani ena saona bwino atachitidwa opareshoni?

Funso limeneli tisalithawe, chifukwa munthu mmodzi akabwerako osaona, mudzi wonse umakana kupita. Madokotala nawonso amalifunsa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika muyeso wakuti mwa maso 100 ochitidwa opareshoni, osachepera 80 aziona bwino, ndipo osaona bwino kwenikweni asapitirire 5. Amayeza ndi chikwangwani chija cha zilembo zazikulu pamwamba, zazing'ono m'munsi, wodwala ataima pa mtunda wa mamita 6. Wosadziwa kuwerenga amangoloza kumene miyendo ya chilembo yaloza.

Diso likapanda kuona bwino, zifukwa zake zimakhala zinayi.

Choyamba, m'disomo munali kale matenda ena kuseri kwa ng'ala. Chitsanzo ndi glaucoma, matenda amene amaononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono, ndipo chimene aononga sichibwerera. Matenda a shuga nawonso amaononga kumbuyo kwa diso. N'chifukwa chake kuchedwa n'koopsa, pakuti munthu angamadikire kuti ng'ala ikhwime pamene vuto lake ndi lina.

Chachiwiri, pangachitike vuto pa nthawi ya opareshoni kapena tizilombo tingalowe pa bala pambuyo pake.

Chachitatu, diso lachira koma likungofuna mandala. Ambiri amene amadandaula kuti sakuona bwinobwino vuto lawo ndi limeneli, ndipo limatha akangoyezedwa.

Chachinayi, pakapita miyezi kapena zaka, kakhungu kopyapyala kamene kamagwira kagalasi katsopano kaja kangachite mbuu. Anthu amati ng'ala yabwerera, koma si choncho, ndipo madokotala amatha kukonza.

Taonani kuti zitatu mwa zifukwa zinayizi zingathandizidwe ngati wodwala abwerera kuchipatala. Koma ambiri akangoyamba kuona amati zatheka, ndipo tsiku limene analemberedwa m'buku la kuchipatala limadutsa iwo ali kudimba.

5. Madokotala amaphunzira kwa amene abwerera

Dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi anali malemu Dr Moses Chirambo, amene pambuyo pake anakhala nduna ya zaumoyo ndipo anamwalira mu 2010. Poona kuchepa kwa madokotala, iye anatsogolera maphunziro a zamaso ku Lilongwe kuyambira m'zaka za m'ma 1980, kumene ankaphunzitsa madokotala othandizira, ochokera m'Malawi muno ndi m'maiko oyandikana nafe, kuyeza maso ndiponso kuchotsa ng'ala. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Masiku ano madokotala a maso amaphunzitsidwa konkuno.

Chinthu chimodzi chimene amaphunzitsidwa ndi kulemba zotsatira za diso lililonse limene achita opareshoni: linkaona bwanji kale, likuona bwanji potuluka m'chipatala, ndipo likuona bwanji patapita masabata. Ndi mmene dokotala amadziwira ngati dzanja lake likuyenda bwino ndi pamene ayenera kukonza. Mayi wophika amadziwa ngati ndiwo zakolera mchere poona mbale zikamabwerera. Dokotala nayenso sangadziwe ntchito yake ngati odwala sabwerera. Choncho tikabwezera agogo kuchipatala, tathandiza agogowo, tathandizanso wodwala amene adzagone pa bedi lomwelo chaka chamawa.

Tisaganize kuti kafukufuku wa kuno ndi wochepa mphamvu. Ku Gulupu komweko, madokotala anapeza kuti poyang'ana kumbuyo kwa diso la mwana wokomoka angathe kudziwa ngati kukomokako kwabwera ndi malungo a mu ubongo kapena ndi matenda ena, ndipo nzeru imeneyi ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri. Ndiponso mu 2022, bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda aja otembenuza zikope kuti nsidze zizikanda diso, ngati vuto la dziko lonse. Zimenezi zinatheka chifukwa anthu a m'midzi analola kuyezedwa, kuwerengedwa ndi kulandira mankhwala.

6. Zimene tingachite

(a) Poyendera okalamba ndi odwala, tizifunsa za maso. Tiime patali mamita 3, masitepe atatu aakulu, titambasule zala, ndipo agogo atseke diso limodzi n'kuwerenga. Akalephera, apite kuchipatala.

(b) Tikaona choyera pa kamwana ka diso la khanda kapena mwana wamng'ono, tipite naye sabata yomweyo. Ingakhale ng'ala kapena khansa ya m'diso, ndipo zonsezi sizidikira.

(c) Tisathire m'diso madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga, kapena mankhwala otsala a munthu wina.

(d) Munthu wamantha timutengere kwa mnzake amene anachitidwa opareshoni ndipo akuona. Mau a woteroyo amalimbitsa mtima kuposa athu.

(e) Tisonkherane ya ulendo ndi kamba wa woperekeza, ndipo powerengera tiikepo maulendo obwerera, osati woyamba wokha. Paja mutu umodzi susenza denga.

(f) Akabwera kunyumba, tisambe m'manja ndi sopo tisanawadonthezere mankhwala, ndipo titsate nthawi imene anatiuza mpaka masiku ake atakwana. Asatikite diso, asakhale mu utsi wa kukhitchini, asapete kapena kusinja, ndipo asanyamule zolemera mpaka achipatala atawalola.

(g) Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kuchepa, tibwerere tsiku lomwelo. Tisadikire tsiku lolembedwa.

Mafunso okambirana

1. Ndi anthu angati m'mudzi mwathu amene sakuona, ndipo ndi angati mwa iwo amene anayezedwapo kuchipatala?
2. Ndani amawatsogolera tsiku ndi tsiku, ndipo iyeyo akutaya chiyani?
3. Ndi mphekesera ziti za opareshoni ya maso zimene tinamvapo, ndipo tingaziyankhe bwanji mwaulemu kwa akuluakulu?
4. Alipo amene anachitidwa opareshoni koma sanabwerere kukaonedwanso? Ndani mwa ife angawaperekeze mwezi uno?

Mau omaliza

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ambiri mwa agogo athu akhala mu mdima zaka zambiri chifukwa palibe anawafunsira kuchipatala. Tisanabalalike lero, gulu lililonse lilembe maina a okalamba osaona a m'dera lake, lisankhe amayi awiri owayendera, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzamve kuti ndi angati apita, ndi angati abwereranso kukaonedwa, ndi ana angati abwerera kusukulu.