Phunziro la Mwezi Uno: Kulambalala Mitsempha Yotsekeka ya Mtima

Mlimi wa kachewere ku Tsangano akaona kuti ngalande ya kudimba yatsekeka ndi matope, amakumba ina yolambalala kuti madzi afike ku mbewu. Madokotala a mtima amachitanso chimodzimodzi.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake imene imaudyetsa magazi. Mafuta akaunjikana m'kati mwake njira imachepa, ndipo munthu amamva kuthina pachifuwa ngati amusanjika mwala, makamaka polima kapena pokwera chitunda. Nthendayi ikakula, dokotala amatenga mtsempha wina m'thupi la wodwala yemweyo nausokera pamtima kuti magazi adzere njira yatsopano. Mitsempha yodziwika pa ntchitoyi ndi itatu.

1. Mtsempha wa m'mwendo

Uwu umayambira pakakolo kukafika m'ntchafu, ndipo ntchito yake ndi kubwezera magazi kumtima. Dr René Favaloro wa ku Argentina ndiye anatchukitsa njirayi mu 1967 pa chipatala cha Cleveland Clinic ku America. Mtsemphawu ndi wautali, sauvuta kuchotsa, ndipo angathe kuudula zidutswa zingapo. Koma ndi wopyapyala, sunazolowere mphamvu ya magazi ochokera kumtima. Pakatha zaka 10, pafupifupi theka la mitsempha yotere imakhala itachepa kapena itatsekeka. Mwendo nawo umatupa kwa kanthawi.

2. Mtsempha wa m'chifuwa

Uli kuseri kwa fupa la pachifuwa. Dr Vasilii Kolesov anausokera pamtima mu 1964 ku Leningrad. Kawirikawiri amaudula mbali imodzi yokha, ina nikhalabe pamalo pake ngati nthambi pa mtengo. Pa mitsempha 10 yotere, pafupifupi 9 imakhala ikugwirabe ntchito zaka 10 zitatha. Mu 1986 madokotala a ku Cleveland anaonetsa kuti odwala oikidwa mtsempha umenewu amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa oikidwa wa m'mwendo wokha. Mitsemphayi ilipo iwiri, koma kutenga yonse mwa munthu wa nthenda ya shuga kungachedwetse kupola kwa bala.

3. Mtsempha wa pamkono

Ndi uja namwino amagwira poyesa kugunda kwa mtima. Dr Alain Carpentier wa ku Paris anauyesa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, koma unasiyidwa chifukwa unali kufinyika. Cha m'ma 1990 anayambanso kuugwiritsa ntchito pamodzi ndi mankhwala oufewetsa. Umakhalitsa kuposa wa m'mwendo, koma dokotala ayenera kutsimikiza poyamba kuti mtsempha wotsalawo ungadyetse dzanja pawokha.

Nanga wopambana ndi uti?

Wa m'chifuwa ndiwo wopambana, ndipo amauika pa mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa mtima. Malo ena otsekeka amalambalala ndi wa pamkono kapena wa m'mwendo, molingana ndi msinkhu ndi thanzi la wodwala.

Komabe opaleshoni sichotsa gwero la nthenda. Ngalande yatsopano imatsekekanso ngati matope akupitirira kutsika. Ndiponso opaleshoniyi ndi yodula. Odwala mtima ena a m'dziko muno anachita kutumizidwa ku India. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sanali kudziwa.

Chotero munthu aliyense wamkulu ayenera kuyezetsa kuthamanga kwa magazi pa chipatala chapafupi, kaya ku Lizulu, Bilira kapena Kasinje. Aleke fodya, achepetse mchere ndi nyama yonona, ndipo amwe mankhwala monga adauzidwira ngakhale akupeza bwino. Womva kuthina pachifuwa kofika ku mkono wamanzere kapena ku nsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi phuma, atengedwe msanga ku chipatala cha boma cha Ntcheu.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtsempha wa m'mwendo umatsekeka msanga chifukwa ninji?
2. Kodi munthu wochitidwa opaleshoni angayambenso kusuta fodya?
3. Ndani pakhomo amene sanayezetsepo kuthamanga kwa magazi?